Thadzi la Chinkhoswe pa Msewu wa 31

Amalawi ambiri amene anafika ku South Bend pakati pa 2003 ndi 2013, nkhope yoyamba yakwawo imene anaiona ku Amereka inali ya a Lameck. Ndiwo ankapita ku bwalo la ndege ku Chicago kukatenga obwera. Mubuti ankasungamo majekete awiri, yachimuna ndi yachikazi, chifukwa munthu wochokera ku Lilongwe ukamuuza pafoni kuti kuno kumazizira, amangovala juzi basi. Kumudzi, ku Ntcheu, anayendetsa ambulansi ya chipatala cha mishoni zaka khumi ndi chimodzi, m'misewu yamatope, osagwetsapo wodwala. Kuno ntchito yawo inali yosamalira okalamba: kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza pabedi. Komabe ukafunsa munthu kutchalitchi kuti a Lameck ndi ati, ankaloza n'kunena kuti, "Adalaivala athu aja."

Zinasintha mu Januwale 2014. Ankachokera ku Indianapolis masana, chipale chofewa chikugwa, pamsewu waukulu wa 31. Atayandikira tauni ya Kokomo galimoto inaterera, n'kuzungulira kawiri, n'kukaima m'mbali itayang'ana kumene inachokera. Thiraki imene inali kumbuyo inadutsa ikuliza hutala. Apa pafunika kunena mosamala, chifukwa ena pofotokoza amakuza: sinali ngozi yaikulu. Palibe anavulala, ndipo galimoto sinakandike n'komwe. A Lameck anaitembenuza bwinobwino n'kufika kwawo.

Vuto linayamba sabata yotsatira. M'tauni ankayendetsa monga kale. Koma akangoona polowera mumsewu waukulu, mtima unkagunda ngati ufuna kutulukira kukhosi, manja ankanyowa, ndipo ganizo limodzi linkawadzaza mutu wonse: ndifera pompano. Anayamba kupereka zifukwa. Mwina galimoto ikuvuta, mwina awasinthira shifiti. Majekete aja anawapereka kwa ena. Amene ankadziwa zoona anali akazi awo okha, a Sophia, amene ndi namwino. Zaka zitatu zinatha chonchi.

Kumayambiriro kwa 2017 kunabwera foni kuchokera ku Ntcheu. Anali achemwali awo, mayi ake a Akuzike. Akuzikeyo ankagwira ntchito yoyeza magazi pachipatala china ku Indianapolis, ndipo anali atapeza mnyamata, dzina lake Kenan. Chinkhoswe chinali choti chichitike mu Juni, muholo ina pamsewu wa Lafayette. Achemwali miyendo sikanawalola ulendo wapandege.

"Ndiye nkhoswe ndinu, achimwene," anatero. "Malume wina alipo kumeneko?"

"Palibe. Ndine ndemwe."

"Chabwino. Koma ndamva kuti kumeneko mumapatsana nkhuku zamufiriji, zopanda mutu, zokutidwa pulasitiki. Mwana wanga ayi. Akuchimuna achite zimene akufuna ndi tambala wawo, koma ife tipereke thadzi lamoyo. Ndilione pafoni likuphethira."

"Liphethira, achemwali."

Atadula foni anayamba kuganizira za ulendowo. Kuchokera ku South Bend kukafika ku Indianapolis ndi maola atatu, ndipo njira yake ndi yomweyo ya 31, yodutsa pa Kokomo. A Sophia sanawafunse maganizo. Mawa lake anangowapatsa kapepala kolembedwa tsiku ndi nthawi.

"Bambo a Belinda, Lachiwiri mukukaonana ndi mlangizi wa zamaganizo. Ndabukitsa kale."

"Ine ndapenga?"

"Ayi, koma mundipengetsa ine."

Mlangiziyo dzina lake anali Tiffany, mayi wachichepere, mwina wamkulu pang'ono kwa Belinda, mwana wawo. Ofesi yake inali m'kati mwa tauni pafupi ndi chipatala. Anawafotokozera kuti thupi lawo linaphunzira phunziro lolakwika tsiku lija, loti msewu waukulu ndi imfa, ndipo nthawi iliyonse imene akuuthawa amalitsimikizira thupilo kuti linalondola. Mankhwala ake ndi kubwererako, koma pang'onopang'ono. Anajambula makwerero papepala. Pansi penipeni analemba: kuimika galimoto pafupi ndi polowera, kungoyang'ana. Pamwamba pake: kulowa, kutuluka potulukira poyamba. Pamwamba penipeni analemba Indianapolis. Anawapatsanso kabuku. Paulendo uliwonse azilemba ganizo limene labwera, umboni woti ndi loona, umboni woti ndi labodza, ndi kukula kwa mantha kuyambira ziro mpaka teni.

A Lameck anaikonda njirayo chifukwa inali yadongosolo. Ankachita homuweki yonse, sanajombepo. Koma panali chinthu chimodzi chimene Tiffany sakanachidziwa. Kumene a Lameck anakulira, munthu akakuvutikira, akakufunsa kuti wadzuka bwanji, umayankha kuti pang'ono ndiye bwino, ngakhale usiku wonse unabuula. Kumuuza kuti mankhwala ake sakugwira n'kumuchititsa manyazi. Tsono mwana wa eni ake uyu ankawalandira ndi chimwemwe, ankawasungira tiyi wamkaka, ankakumbukira ngakhale dzina la Akuzike. Sabata yoyamba analemba naini, zoona. Sabata yachiwiri mantha anali naini yemweyo, koma ataona nkhope ya Tiffany ikudikira, analemba seveni. Pofika mwezi wa Meyi kabuku kanali kudzaza ndi mafilii ndi mathuu. Mumtima munali naini.

Kuntchito kwawo kunali bambo wina wosamalira pabwalo, a Hideo, Mjapani wa zaka za m'ma sikisite. Anabwera ku Indiana kalekale ndi kampani yopanga zitsulo zamagalimoto, n'kukwatira konkuno, n'kutsalira. Sanali munthu wocheza. Moni ankayankha ndi chibwano. Tsiku lina masana anawapeza a Lameck atakhala m'galimoto, injini yozima, atagwira chiwongolero ndi manja awiri. Anagogoda pagalasi.

"Waimika pamene ndikufuna kusesa."

A Lameck anapepesa, ndipo mosadziwa n'komwe chifukwa chake, anafotokoza zonse, mpaka za manambala abodza. Mwina chifukwa a Hideo sankaoneka ngati munthu amene angakhumudwe. Iwo anamvetsera akuyang'ana kumbali, kenaka ananena zawo. Ali ndi zaka twente-thuu, ku Japan, ankaopa kuti mtima wawo uima. Ankadzigwira pamkono tsiku lonse kuwerenga kugunda kwake, mpaka anasiya ntchito. Bambo awo anawapititsa kuchipatala china chotsata njira yakale yakumeneko. Sabata yoyamba anawagoneka pabedi m'chipinda chaokha, opanda buku, opanda wailesi, opanda wocheza naye. Pofika tsiku lachisanu, anatero, ankalakalaka ngakhale kutsuka chimbudzi. Kenaka anawalola kutuluka kukatola masamba. Kenaka kusesa, kuwaza nkhuni, kudyetsa akalulu achipatala. Madzulo ankalemba zimene achita tsikulo, dokotala n'kulemba ndemanga m'mphepete.

"Ndikalemba kuti lero mtima unandiopsa, pamenepo ankangodumpha. Ndikalemba kuti kalulu wina sakudya, ankalemba mizere isanu."

"Nanga mantha anatha liti?"

"Ndani wanena kuti anatha? Alipo. M'mawa uno anali pompa." Anadzimenya pachifuwa. "Koma masamba nawonso alipo. Suntha galimoto."

Madzulo a Lameck anawafotokozera a Sophia, kupatula za manambala. A Sophia ankasita yunifolomu.

"Ndiye mukufuna mugone sabata yathunthu ngati Mjapani? Shifiti ikugwirirani ndani?"

"Sindikunena zogona, mayi. Ndikuti pali kusiyana. Tiffany akuti mantha uziwayang'ana m'maso, uwayeze, uwafunse umboni mpaka atope. A Hideo akuti asiye alankhule, iwe uziyang'ana ntchito."

"Zonsezo mapeto ake n'kulowa m'galimoto."

"Eya, koma wina akundilonjeza kuti adzachepa. Winayo sakulonjeza chilichonse."

"Ndiye wosalonjezayo ndi amene wakusangalatsani? Amuna inu." Anatembenuza kolala. "Ine ndimakhulupirira zoyezedwa. Kabuku kanu ndinakaona, muli pa thuu. Mwachira inu, mukungofuna kunyengereredwa."

A Lameck anatenga kabuku kaja n'kukabweza m'thumba.

Bodza lawo laulemu ndilo linawatchera msampha. Pokhulupirira kabuku kaja, a Sophia ananyamuka Lachinayi pamodzi ndi Belinda ndi amayi ena kukathandiza zophika, n'kuwasiyira galimoto kuti abwere Loweruka ndi nkhuku. Lachisanu a Lameck anapita kwa alimi ena akuderali oyenda pangolo za akavalo, kudzera misewu ing'onoing'ono ya m'minda, n'kusankha thadzi lofiirira, lonenepa, la maso owala. Analiika m'katoni yoboolaboola, pansi atayala nyuzipepala. Kenaka anaimbira Lucious, mnyamata amene iwo omwe anakamutenga ku Chicago zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, n'kumuuza kuti galimoto ikuvuta, awatengeko.

Loweruka cha m'ma eyiti m'mawa Lucious anafika pagalimoto yake yatsopano, yakuda, yonyezimira. A Lameck anatuluka atavala suti, katoni ili m'manja. Katoniyo inati kwiyo.

"Ankolo, chimenecho n'chiyani?"

"Nkhuku ya chinkhoswe."

"Yamoyo? Ayi, ankolo, ayi. Mipando iyi ndi yachikopa. Fungo limenelo silichoka mpaka Khirisimasi. Tikagula yootcha kale ku Lafayette konko, ndani akafunse?"

"Achemwali akafunsa."

"Ali ku Ntcheu!"

"Pafoni amaona."

"Nanga mubuti?"

"Kutentha kumeneku? Ikafika itapsa."

Lucious anakanda m'mutu, kenaka anapempha makiyi a galimoto ya a Lameck. Analiza injini, kutchera khutu, kuponda mafuta kawiri.

"Ikuvuta pati? Iyi ili bwino kuposa ine. Ankolo, inuyo ndi amene munandiphunzitsa kudiraiva pasinoo, pachipale chofewa paja. Tikumana kuholo." Anawomba m'manja mwaulemu, n'kulowa m'galimoto yake, ulendo.

A Lameck anaimbira kumabasi. Anawayankha kuti nkhuku yamoyo saloleza. Anaima pabwalo katoni ili m'manja. Akanatha kuimbira a Sophia n'kuulula, koma a Sophia anali kutali maola atatu, manja ali mu ufa wa mandazi. Akanatha kumuimbiranso Lucious, kusiya nkhuku, kukapereka yopanda mutu pamaso pa achemwali. Chinkhoswe chinali thuu koloko. Anaika katoni pampando wakutsogolo, n'kuimanga lamba.

Polowera mumsewu wa 31 mantha anabwera monga mwa masiku onse, osachedwa ngakhale pang'ono. Naini. Koma apa tinene chilungamo pa Tiffany: miyezi inayi ya homuweki sinapite pachabe. Manambala anali abodza, koma maulendowo anali enieni. Thupi linkaidziwa njira yolowera, maso ankadziwa poyang'ana, ndipo a Lameck anali ataona kambirimbiri kuti mtima umatha kugunda chonchi munthu osafa. Anapuma monga anaphunzitsidwira, kukoka pang'onopang'ono, kutulutsa motalika. Anadutsa potulukira poyamba, pachiwiri, pachitatu. Kupitirira apo anali asanafikeko chichokereni 2014.

Minda ya chimanga inayamba mbali zonse, chimanga chofika m'mawondo. Mathiraki ankawadutsa, galimoto n'kugwedezeka. Anayesa kufunsa ganizo lija umboni, koma linkayankha mofulumira kuposa iwo. Malaya ananyowa mpaka jekete. Choziziritsira m'galimoto chinali chitafooka kuyambira chaka chatha, ndipo dzuwa linkalowera mbali ya katoni.

Chikwangwani cha Kokomo chitaonekera, manja anayamba kuchita dzanzi. Teni. Anaona ngati msewu ukupendekeka. Anapatukira pamalo omwetsera mafuta oyamba kuwaona, n'kuima, n'kutsamira mutu pachiwongolero. Basi, anaganiza. Apa ndiye pothera. Aimbe foni, anthu adziwe kuti adalaivala awo anatha kalekale.

Pofuna kutenga foni anazindikira kuti katoni yakhala chete nthawi yaitali. Anatsegula. Thadzi linali litagona chammbali, mapiko atatambasuka, mlomo uli yasa, likupuma mwabefu.

"Mayo! Mayi, musandichite zimenezo."

Anatuluka mothamanga, kunyamula katoni kupita nayo pamthunzi wa khoma. Analowa m'sitolo kukagula madzi ozizira ndi kupempha kakapu. Anagwada pasimenti ndi suti yawo yomweyo, kunyika chala m'madzi, kudonthezera pamlomo. Ananyowetsa mpango n'kupukuta kunsi kwa mapiko ndi miyendo. Anaboola mabowo ena ndi kiyi. Mzungu wina wothira mafuta anaima n'kumaonerera.

"Chiweto chanu?" anafunsa.

"Ndi mlendo wolemekezeka. Akudikiridwa kuukwati."

Patapita mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, thadzi linadzuka, kumwa lokha, kukweza mutu kumwamba kuti madzi atsike, n'kuwayang'ana a Lameck ndi diso limodzi. Linaphethira.

Pamenepo ndi pamene anakumbukira mtima wawo. Anaufufuza, n'kuupeza ukugundabe, mwina eyiti, mwina naini. Sunapite kulikonse. Kungoti kwa mphindi zonsezo panalibe amene ankaumvetsera. Ndiye anakumbukira ambulansi ya ku Ntcheu. Kumbuyo kunkakhala wodwala, ndipo pambali pake nthawi zonse pankakhala mbale wake wolira: adalaivala fulumirani, adalaivala tafa, adalaivala mlatho uwo. Sanaimepo n'kamodzi komwe kuti atsutsane ndi wolirayo, ndiponso sanamutsitsepo. Wolira ankalira, iwo ankayang'ana maenje, wodwala n'kufika.

Anasamutsira katoni kumpando wakumbuyo, mbali yamthunzi, n'kuisiya yotsegula pang'ono pamwamba, n'kutsitsa magalasi pang'ono. Ntchito inali imodzi: nkhuku ifike yamoyo. Analowanso mumsewu. Malo aja a 2014 anawadutsa mtima ukulira mokweza, iwo akuyang'ana pagalasi kuti aone ngati mlomo uja wayasamanso. Ankayankhula nalo njira yonse. "Tatsala pang'ono, mayi. Uyo ndi thiraki chabe, timusiye adutse. Mukaona holo yake, mukakonda." Anaimanso kamodzi kulimwetsa madzi.

Anafika pamsewu wa Lafayette nthawi itangopitirira wani koloko, n'kudutsa masitolo a zakudya zakwathu ndi malesitilanti a mitundu yonse, mpaka paholo. Anazimitsa injini n'kutsika. Panja panali a Sophia atanyamula beseni, chitenje chili m'chiuno.

"Mwafika bwino? Suti imeneyo mawondo ake atani?"

"Mayi a Belinda, ndinakunamizani. Sindinali pa thuu. Ndakhala pa naini chiyambire."

A Sophia anatsitsa beseni pansi. Anayang'ana amuna awo, kuyang'ana galimoto, kuyang'ana msewu umene anachokera.

"Ndiye mwabwera ndi nainiyo kuchokera ku South Bend?"

"Pa Kokomo anali teni."

Anawakonza tayi mosafunikira, n'kuwasasa fumbi paphewa nthawi yaitali ndithu. "Tikambirana kunyumba," anatero motsitsa mawu. "Lowani mukasambe kumaso. Mukuoneka ngati mwachokera kudimba."

Mwambo unayamba folo koloko, monga aliyense ankadziwira kupatula a Lameck. Woyang'anira holo anakana kuti chamoyo chilowe, choncho nthawi yopatsana nkhuku itakwana anthu onse anatulukira poimika magalimoto, amayi akuimba, ana obadwira kuno akujambula ndi mafoni n'kumafunsana m'Chingerezi ngati iluma. Nkhoswe yakuchimuna, a Alufeyo, inabwera ndi tambala wootcha m'mbale yokutira. A Lameck anatulutsa thadzi lawo n'kuligwira ndi manja awiri. Akuzike anayandikitsa foni, achemwali ali pagalasi kuchokera ku Ntcheu.

"Sendeza, ndilione. Eee! Likuphethiradi!" Nthungululu inamveka kuchokera mufoni, amayi apabwalo n'kuilandira. Akuzike anagwada pang'ono, misozi ili m'maso. "Zikomo, ankolo."

A Alufeyo analandira thadzi mwaulemu wonse, kulankhula mawu oyenera, kulonjeza kuti banjali aliyang'anira. Anthu atayamba kubwerera m'holo, anawakokera a Lameck pambali, nkhuku ili kukhwapa, nkhope ili ndi nkhawa.

"Achimwene, tsopano tinene zoona. Ine ndimakhala pamwamba, nyumba yachitatu, ndipo eni nyumba salola ngakhale mphaka. Kupha sindingathe, ana anga aipatsa kale dzina. Simungatisungireko kwanu? Ikhale yathu, koma izikhala kwa inu."

Lucious, amene anali chapafupi, anaseka mpaka kugwira bondo. "Musandiyang'ane ine, ankolo!"

"Palibe akukuyang'ana," anatero a Lameck. Analandira thadzi n'kulibwezera m'katoni.

Anabwerera Lamlungu masana, a Sophia ali pambali, nkhuku kumbuyo. A Sophia anapempha kuti ayendetse, iwo anakana. Lachiwiri anapita kwa Tiffany ndi kabuku kaja, manambala onse atawakonza ndi bolopeni yofiira, ndipo anapepesa ataimirira. Tiffany anawerenga tsamba ndi tsamba, kenaka anawauza kuti akanakonda kudziwa kale, chifukwa akanasintha makwerero aja, ndipo sanafunepo manambala okongola. Anawafunsa kuti pobwerera zinali bwanji. A Lameck anayamba kunena kuti pang'ono ndiye bwino, n'kudzigwira.

"Seveni," anatero. "Weniweni."

A Hideo atamva nkhani yonse sanayamikire chilichonse. Anangofunsa kuti nkhukuyo ikugona pati, ndipo atamva kuti m'galaja, anapukusa mutu. Loweruka lotsatira anafika ndi matabwa ndi waya, n'kuwapatsa a Lameck hamala.

Mu Ogasiti kunabwera mtsikana wina wochokera ku Zomba kudzaphunzira za unamwino. Amene anakamutenga ku Chicago anali a Lameck. Pobwera, ali pakati pa mathiraki, mtsikanayo anaona kuti adalaivala akutuluka thukuta ndipo akuyankhula okha motsitsa. Anafunsa mwaulemu ngati ali bwino.

"Ndikuopa, mwanawe," anayankha, maso ali pamsewu. "Jekete ili kumbuyoko, uiyese ngati ikukwana. Kuzizira sikuchedwa kuno."